Mankhusu a Kumalire

Anabwera Lachiwiri m'mawa, m'mwezi wa Julaye, dzuwa litangoyamba kufunditsa msana. Ndinali pabwalo ndikuthothola mtedza. Galimoto inaima pafupi ndi nkhokwe, ndipo munatsika apolisi awiri ndi bambo wina wa malaya oyera, amene pambuyo pake ndinamva kuti ndi wa ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Kumbuyo kwa galimotoyo kunali anyamata a chipani. Iwo sanatsike. Ena mwa iwo ndinawaphunzitsa katekisimu ndine, n'chifukwa chake ankangoyang'ana kumbali.

Palibe amene anati odi.

"Amayi, vulani duku," anatero wa malaya oyera uja.

Msinkhu wake unali wa mwana wanga woyamba. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenako ndinavula. Mutu wanga unali mpala, wometa kumene.

"Mwameta maliro a ndani?"

"A malume anga."

"Anafera kuti?"

"Kutsidya, kumene anakwatira."

Anatembenukira kwa apolisi aja. "Mwamva nokha. Amayi, tengani reji yanu ya unzika ndi khadi yovotera, tikakambirane ku ofesi."

Mwana wanga wamkazi, amene nyumba yake inali kuseri kwa yanga, anabwera akuthamanga kuchokera kumjigo, ndowa ataisiya panjira. Ndinamuuza kuti afunditse mtedza mbuzi zingadye, ndipo ine ndibwera madzulo. Sindinkamunamiza. Inenso ndinkaganiza choncho.

Mudzi wathu uli kwa Zingalume, kumapeto kwenikweni kwa boma la Chadiza. Ukayenda pang'ono chakummwera umapeza kamtsinje kamene kamauma m'chilimwe, ndipo ukaoloka mchenga wakewo wafika ku Mozambiki. Ife timangoti kutsidya. A kumeneko ndi Achewa monga ife. Timakwatirana, timaikana maliro, timabwerekana ng'ombe zolimira. Agogo anga aakazi anabadwira mbali ino, amayi anga chimodzimodzi, ine chimodzimodzi, ndipo michombo yathu inakwiriridwa padzala limodzi. Sindinaganizepo kuti tsiku lina munthu adzandifunsa umboni wa zimenezi.

Chimene chinandigwiritsa chinachitika Loweruka la sabata yapitayo, pa msonkhano wa kampeni pabwalo la sukulu. Amene ankalankhula anali mwana wa m'dera lomwelino, wofuna mpando wa ku nyumba ya malamulo. Pa masankho apitawo midzi ya kumalire sitinamuvotere, ndipo iye sanaiwale. Anagwira chimkuzamawu n'kunena kuti m'dera lino muli anthu amitundu iwiri. Kumtunda, kufupi ndi msewu, kuli eni dziko, chimanga chenicheni. Kumalire kuli mankhusu, anthu ovota kuno m'mawa n'kukagona kutsidya madzulo. "Chaka chino tipeta!" anakuwa motero, anyamata ake n'kuvomera, "Tipeta!"

Ndinali nditakhala kutsogolo ndi amayi anzanga a kumpingo. Pakamwa panga sipanandimverepo chibadwire. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Mukamapeta mugwire mtengo, bwana, chifukwa amayi anu omwe tinakawatenga kutsidya pa ngolo, ine ndikuona!"

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pansi. Iye sanaseke. Kwathu kuno kuuza munthu pagulu kumene anachokera ndi chipongwe choposa kumutukwana, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo. Koma anayamba ndi iye, ndipo anatinena tonse, midzi yathunthu.

Kupolisi anandilanda reji ndi khadi, anandivula nsapato ndi korona wanga wopempherera, n'kundilowetsa m'chitokosi cha akazi. Chinali kachipinda ka simenti, ka zenera limodzi laling'ono pamwamba, ndi ndowa pakona. Ndinapezamo akazi atatu: wina wa kachasu, wina anamenyana ndi mkazi mnzake wa pamitala, wachitatu sankalankhula ndipo sitinadziwe mlandu wake. Bulangete linali limodzi. Amene amadziwa chisanu cha Julaye kuno adziwa chimene ndikunena.

Lachitatu anandiitanira ku ofesi. Wa malaya oyera uja anandipatsa mpando, anandifunsanso ngati ndagona bwino. Ulemu wakewo unandiopsa kuposa ndodo ya wapolisi amene anaima pakhomo.

"Amayi, nkhani yanu ni yapafupi," anatero, m'Chinyanja cha m'tauni. "Pali makomo awiri. Loyamba, muvomere kuti ndimwe a kutsidya, reji iyi munaitenga mwabodza. Musaina, tikuperekezani kumalire, basi."

"Ndinabadwira m'nyumba ya amayi anga. Chiunda chake chikadalipo."

"Ndiye khomo lachiwiri. Nthawi ya nkhondo ya kutsidya anthu ambiri anathawira m'midzi yanu. Ena sanabwerere. Lero ali na mareji, avota. Imwe ndimwe akulu pamudzi, muwadziwa. Tipatseni maina, mukagone kwanu lero."

Kufikira nthawi imeneyo ndinali wokwiya chabe, ndipo mkwiyo umafunditsa. Tsopano ndinachita mantha enieni, chifukwa m'mudzi mwathu munthu wotero anatsala mmodzi yekha, ndipo ndinali nditamusiya akufunditsa mtedza wanga.

Ndifotokoze. M'zaka za nkhondo ija ndinali mayi wachitsikana, ndili ndi khanda lalimuna kumsana. Anthu ankaoloka mtsinje uja ali ndi mitolo pamutu, ena opanda chilichonse. Tsiku lina kunafika mkazi wina ali yekha, wotupa miyendo, atanyamula kamwana kakakazi kosakwana mwezi. Anagona m'khitchini mwathu. Patapita masiku awiri anamwalira. Kamwanako kankalira mosatulutsa mawu, ndipo amayi anga anangokanyamula n'kukaika pachifuwa panga. Ndinayamwitsa awiri, wina bele ili, wina bele ilo. Anthu ankanditcha make mapasa. Kanabatizidwa ndi dzina la amuna anga, kanakula, kanakatenga reji monga mwana wanga, chifukwa ndi mwana wanga. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, amatero akulu, ndipo ife sitinatenge mawuwo ngati nyimbo chabe.

Akuluakulu onse a pamudzi ankadziwa, koma palibe anamuuzapo. Ine ndinabereka amuna okhaokha, ndipo ana aamuna kwathu kuno amakakwatira kwa eni, n'kukamanga kumeneko. Wokhala pamudzi ndi mwana wamkazi. Minda ya amayi anga inali kudzakhala yake, ndipo ana ake atatu ndiwo anali mbumba yathu.

Choncho makomo onse awiri anali otseka. Ndikanasaina kuti ndine wa kutsidya, ndikanatenga ana anga onse ndi adzukulu kuwaponya kutsidya pamodzi nane, pakuti mwana amatsata mayi. Ndikanatchula dzina, ndikanatchula lake.

"Onse anabwerera nkhondo itatha," ndinatero. "Sindidziwa wina."

"Ganizani bwino, amayi. Nthawi tili nayo."

Lachinayi sanandipatse mpando. Wa malaya oyera uja kunalibe, kunali apolisi awiri ndi munthu wina wosavala yunifomu amene sanadzitchule. Anandigwaditsa pa timiyala kuseri kwa ofesi, manja m'mwamba. Maondo anga anazolowera kugwada m'tchalitchi, koma osati motero. Ankafunsa funso lomwe lija, ine n'kumayankha yankho lomwe lija. Wosavala yunifomuyo anati, "Paja pamsonkhano munali ndi pakamwa. Lero pakamwa papita kuti, agogo?" Khutu langa lakumanzere silimva mpaka lero. Za tsiku limenelo ndinena zokhazo.

Atandibwezera m'chitokosi, mkazi wa kachasu uja ananyowetsa nsonga ya chitenje chake n'kundipukuta. Anandinong'oneza kuti, "Amama, apatseni dzina lililonse, ngakhale la munthu wakufa." Ndinaganizapo. Koma wakufa aliyense ali ndi ana amoyo, ndipo anawo ali ndi mareji.

Kukhoti sanandipititse. Lolemba lililonse ankati mawa. Ana anga aamuna anabwera kudzapempha belo, koma anauzidwa kuti mlendo sapatsidwa belo, angathawire kwawo. Akatekisiti anabwera ndi akuluakulu a mpingo kudzachitira umboni kuti amandidziwa kuyambira ubwana, ndipo anauzidwa kuti nawonso ndi a kumalire, umboni wawo uyenera kupetedwa kaye. Mawu aja anali atafika paliponse. Ngakhale wapolisi wamkazi wotitsegulira m'mawa kuti tikataye ndowa ankati, "Mankhusu, tulukani." Sankanena mwankhanza. Anali atangolizolowera ngati dzina langa.

Masiku a m'chitokosi amafanana ngati nyemba. Chimene chinkasiyanitsa tsiku ndi linzake chinali phokoso la kunja. Magalimoto a kampeni ankadutsa pamsewu ndi nyimbo zawo, chipani ichi m'mawa, chipani icho masana, onse akulonjeza feteleza ndi milatho. Nthawi zina ndinkamva mawu a munthu wa pamsonkhano uja akutuluka m'chimkuzamawu, akunena za eni dziko. Ndinkakhala pansi pa zenera, khutu labwino nditalozetsa kukhoma, n'kumawerenga korona ndi zala. Ndinkapemphera moipa. Ndinkafika pakati pa Tikuoneni Maria n'kupezeka ndikutukwana mumtima, n'kuyambiranso.

Akazi anzanga aja ankatuluka, ena n'kulowa. Wa kachasu anatuluka, wa pamitala anatengedwa ndi mwamuna wake. Ine ndekha ndinakhala ngati mwini nyumba, wolangiza alendo pogona ndi mmene angagwirire ndowa kuti isatayikire. Tsitsi langa linayamba kumera, ndipo linamera loyera lokhalokha.

Mwana wanga wamkazi ankabwera Lachitatu ndi Loweruka, atakwezedwa panjinga ndi mwamuna wake. Ankabweretsa mbatata yophika ndi chigumu, ndipo wapolisi ankayamba waboola chakudyacho ndi supuni asanandipatse. Tinkalankhulana pakhomo la chitokosi, wapolisiyo ataima pomwepo.

"Amama, akuti akufuna maina. Maina a ndani?"

"Za akuluakulu izo. Mtedza unauma?"

"Ngati pali amene mukumudziwa, bwanji osangomutchula? Mufere munthu wa eni? Taonani mmene mwaonderamu."

Ndinamukalipira kuti asandiphunzitse, ndinamubereka ndine. Anapita akulira. Ine ndinatsala ndi mantha, chifukwa wapolisi uja ankatiyang'ana nkhope, yanga ndi yake, mosinthanasintha. Mwana wanga ndi wamtali, woyera, wa mpata kumano. Ine ndine wamfupi, wakuda ngati mphika. Kwa zaka zonsezi palibe amene anaonapo kanthu pamenepo, koma m'nyengo imeneyo anthu anali ataphunzira kuyang'ana.

Wa malaya oyera uja anandiitananso kangapo. Ulendo wina anandiikira tiyi wa mkaka patebulo. Anati iye alibe nane chifukwa, nayenso akupanikizidwa ndi akumwamba, akufuna munthu mmodzi yekha woti aonetse kuti zimene zinanenedwa pamsonkhano si zabodza. "Mmodzi chabe, amayi. Ngakhale nkhalamba yosayenda." Ndinamuuza kuti ngati akufuna mmodzi, ali naye kale, andisunge mpaka atatopa. Tiyi uja sindinamwe, ngakhale kuti thupi lonse linkamufuna.

Loweruka lomaliza masankho asanachitike, mwana wanga anabwera osafunsa funso lililonse. Anandipatsa chakudya, kenako anagwira dzanja langa n'kuliyang'ana nthawi yaitali, ngati akulionera koyamba. Anati, "Amama, munavutika nane." Ndinamuyankha kuti mwana aliyense amavutitsa, ndipo iye ankaposa onse kukodza pamphasa. Anaseka pang'ono. Ndinaganiza kuti watopa ndi ulendo wa panjinga.

Tsiku la masankho kunja kunali zii. Panalibe nyimbo ngakhale galimoto. Madzulo wapolisi wamkazi uja anabwera kudzatitsekera, chala chake chili ndi inki. Anandionetsa n'kunena kuti, "Takuvoterani, agogo, musadandaule." Chiyambire kuvota ndili mtsikana sindinaphonyepo, ngakhale chaka chimene ndinali ndi pakati potopa. Tsiku limenelo linali loyamba kuphonya.

Anandimasula Lachiwiri lotsatira, zotsatira zitalengezedwa kale. Munthu uja anali atapambana. Anandibwezera nsapato, korona, reji ndi khadi yovotera imene inalibenso ntchito. Panalibe mlandu, panalibe pepani. Wa malaya oyera uja anandiperekeza mpaka pakhomo, ndipo osandiyang'ana anati, "Pitani, amayi. Mwana wanu ali na nzeru kupambana imwe."

Kunja dzuwa linandilasa m'maso. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mwana wanga, koma pansi pa mtengo panali mkamwini wanga yekha, atagwira njinga. Kwathu mkamwini ndi mpongozi wake sayang'anizana. Mukakumana panjira wina amapatuka, ndipo polankhulana mumakhala patali, aliyense akuyang'ana kwake. M'zaka zonse zimene anakhala pamudzi panga sitinayandikanepo. Tsiku limenelo anagwada, anaomba m'manja, n'kunena kuti, "Amayi, kwerani."

"Mkazi wanu ali kuti?"

"Kwerani, amayi, tikambirana panjira."

Ndinakwera pakaliyala, ndikugwira chitsulo kuti ndisamukhudze. Anapalasa mpaka titatuluka pa boma, n'kuyamba kufotokoza. Mwina njingayo inamuthandiza, chifukwa anali atandifulatira monga mwa mwambo, ndipo ankalankhula ndi msewu.

Anati mkazi wake sanagone chiyambire tsiku limene ndinamukalipira. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa kuti munthu amene amayi ake akumubisa ndi ndani. Aliyense ankati sadziwa, koma ankayang'ana pansi. Pomaliza anapita kwa akulu anga, amene ndi okalamba ndipo anali atatha ndi mantha kuti ndifera m'chitokosi. Iwo analira n'kumuuza kuti, "Amako akufera iwe." Anamufotokozera zonse. Loweruka lija atachoka pakhomo la chitokosi, sanapite kunjinga. Analowa mu ofesi, anaika reji yake patebulo, n'kunena kuti munthu amene mukumufuna ndine, atulutseni amayi anga. Anamusunga kwina masiku angapo, anamujambula zithunzi zoonetsa anthu, kenako anamuperekeza kumalire n'kumuuza kuti akadzaonekanso mbali ino adzamangidwa zaka.

"Ndinamuletsa, amayi," anatero mkamwini wanga. "Ndinagwira mwendo wake pamaso pa apolisi."

Ndinamuuza kuti aime. Ndinatsika, ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu, ndipo ndinalira mokuwa monga timalirira maliro. Anthu odutsa ndi ngolo ankaima kufunsa kuti wamwalira ndani. Maondo aja, khutu lija, chisanu chonse chija, ndinazipirira kuti chinthu chimodzi chisachitike, ndipo chinachitika ine ndili chigonere kuseri kwa khoma, ndikudzitama mumtima kuti sindinatchule dzina.

Anthu amandifunsa kuti ufulu unakoma bwanji nditatuluka. Ndimawauza zoona. Madzi osamba anakoma, ndi kugona chotambalala. Kupitirira apo sindidziwa. Pamudzi anthu anandilandira ndi nthungululu, koma madzulo aliyense ankalowa m'nyumba msanga. Amene ali ndi mkazi kapena mayi wa kutsidya anasiya kupita kumaliro a kumeneko, ndipo amene wapita sameta. Munthu uja anabwera kudzathokoza anthu a kumtunda, ndipo mawu a mankhusu sanawatchulenso, poti ntchito yake inali itatha. Iye anawataya, koma ana a sukulu anawatola. Adzukulu anga atatu, amene anatsala ndi ine chifukwa cha sukuluyo, amabwera nawo kunyumba. M'chitokosi ndinkadziwa pamene khoma lili. Kuno ndimayenda paliponse, koma ndisanalankhule ndimayamba ndayang'ana amene ali kumbuyo kwanga, ine amene pakamwa panga sipankaopa munthu.

Lamlungu loyamba nditapezako mphamvu, titatuluka m'tchalitchi, ndinaoloka mchenga uja. Mwana wanga anali kwa akazi a malume anga aja, amene anamupatsa kanyumba kosungiramo makasu. Ndinamupeza akusenda chinangwa. Atandiona anaimirira, anayala mphasa, anakatunga madzi m'chikho n'kudzandipatsa atagwada patali, monga timachitira ndi mlendo.

Ndinali nditakonza mawu ambiri panjira. Ndinati ndimukalipire chifukwa chotaya ana ake, ndimuuze kuti tidzapita kwa maloya, kwa abambo a parishi, kulikonse, ndipo ngati zikanika azibwera mobisa monga amachitira ena.

"Apolisi sindiwaopa kwenikweni, amama," anatero. "Koma ndikadutse bwanji pamjigo paja? Mudzi wonse unkadziwa. Ndinkatunga nawo madzi, ndinkavina nawo, ndinkakangana nawo za malire a munda wa agogo, iwo akudziwa, ine ndekha osadziwa."

"Unayamwa bele langa iwe. Palibe wina amene angakuuze za kwanu."

"Ndikudziwa. Ndinu amayi anga, n'chifukwa chake ndinalowa mu ofesi muja." Anayang'ana mpeni umene unali m'manja mwake. "Koma kuno anthu akundifunsa kuti ndine wa kwa yani, kuti andithandize kupeza abale. Ndiuzeni chimodzi chokha. Mayi uja anali ndani dzina lake? Ankachokera mudzi uti?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinaona khitchini ija, miyendo yotupa ija, chitenje chobiriwira chimene tinamuikamo. Anakhala nafe masiku awiri. Tinamupatsa phala, tinamufunditsa, tinamufunsa pamene pakupweteka. Tinkati akapeza bwino adzatiuza zonse.

"Sitinamufunse, mwana wanga," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anatola chinangwa china n'kuyamba kusenda. Ndinakhala pamphasa paja mpaka dzuwa linapendeka, kenako ndinanyamuka ndekha, chifukwa ana ake anali asanadye.